Léopold Senghor: Mwana wa Kubusa Amene Anaphunzitsa Afalansa Chilatini

M'midzi yambiri ya Achewa, Ayao ndi Alomwe, mwana akapalamula mlandu kapena nkhani ya ukwati wake ikafika, anthu sathamangira kwa bambo ake. Amafunsa kaye kuti malume ake ali kuti, pakuti mwini mbumba ndi mlongo wa mayi. Sukulu itabwera, zinthu zinasokonekera pang'ono. Fizi amalipira kawirikawiri ndi bambo, ndipo wolipira amafuna kuti mawu ake amveke. Mabanja ambiri akudziwa kukokana kumeneku: malume akufuna mwana kumunda ndi kubusa, bambo akumufuna m'kalasi.

Kukokana kotereku kunachitikanso kutali ndi kuno, ku Senegal, kumadzulo kwenikweni kwa Africa, pakati pa mtundu wa Aserer, omwenso amawerengera kwambiri mbali ya kuchikazi. Mwana amene ankamulimbiranayo anali Léopold Sédar Senghor. Dziko limamukumbukira ngati mlakatuli komanso pulezidenti woyamba wa Senegal. Koma ntchito imene anaphunzira, imene inamudyetsa kufikira atayandikira zaka 40, inali yophunzitsa Chifalansa, Chilatini ndi Chigiriki m'masukulu a sekondale a ku France. Ndipo ngakhale atalowa m'nyumba ya boma, khalidwe la mphunzitsi wa galamala silinamuchoke.

Joal ndi Djilor

Senghor anabadwa mu 1906 ku Joal, tauni yaing'ono ya asodzi m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, makilomita oposa 100 kummwera kwa Dakar. Zikalata za boma zimati linali tsiku la 9 Okutobala. Bambo ake, Basile Diogoye Senghor, anali munthu wopata. Ankagula mtedza kwa alimi n'kumagulitsa kwa makampani a Afalansa, anali ndi ng'ombe ndi minda, ndipo ngakhale anali Mkatolika, anali ndi akazi angapo ndi ana ambirimbiri. Mfumu ya dera la Sine inkafika pakhomo pawo ndi gulu lake la oimba, ndipo mwanayo ankaonerera.

Koma zaka zake zoyambirira sanakulire ku Joal. Anakulira kwa mayi ake, Gnilane Bakhoum, m'mudzi wa Djilor, dera la mitsinje ya madzi amchere, madambo ouma oyera ndi mchere, migwalangwa ndi minda ya mapira. Kumeneko mphunzitsi wake woyamba anali malume ake, Waly Bakhoum, mlimi ndi woweta ng'ombe. Ndiwo anamuphunzitsa mayina a mitengo ndi mbalame, kayendedwe ka nyenyezi, malo amene mizimu ya makolo imalemekezedwa, ndi nthano zimene abusa amasimbirana. Mwanayo ankasowa pakhomo tsiku lonse, ali kubusa ndi anzake. Madzulo kunkakhala magule ndi mipikisano yogwetsana, masewera amene Aserer amawakonda mpaka lero, atsikana akuimba nyimbo zotamanda anyamata amphamvu. Atakula, Senghor ankati ndakatulo anaziphunzirira kwa amayi oimba a kwawo, makamaka wina dzina lake Marône.

Bambo ake sanakondwe nazo. Mwana wa munthu wodziwika sangamangoyendayenda ndi abusa ng'ombe, fumbi lili mbuu. Atakwanitsa zaka 7, mu 1913, anamutenga n'kukamupereka kwa wansembe wa ku Joal, Bambo Léon Dubois, kuti amuphunzitse katekisimu ndi Chifalansa. Senghor mwini ankasimba kuti bambo ake anamutumiza kusukulu ngati chilango, kuti akamuwongole. Chaka chotsatira anamusamutsira ku Ngazobil, sukulu yogonera konko ya ansembe a chipani cha Mzimu Woyera, makilomita ochepa kumpoto kwa Joal. Anafikako akulankhula makamaka Chiserer. Chiwolof, chilankhulo cha anthu ambiri m'dzikomo, anachiphunzira kwa anzake, Chifalansa m'kalasi, ndipo patapita zaka zingapo ansembe anamuyambitsa Chilatini.

Chilankhulo chosintha mchira

Chilatini chinali chilankhulo cha anthu a mumzinda wa Rome, ku Italy. Aroma atagonjetsa mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, chinakhala chilankhulo cha asilikali, makhoti ndi malonda kuyambira ku Britain mpaka kumpoto kwa Africa. Ufumu wa Aroma wa kumadzulo unagwa mu 476, koma anthu sanasiye kulankhula. Kalankhulidwe kawo kanangosintha pang'onopang'ono, dera ndi dera, mpaka kubala Chifalansa, Chipwitikizi, Chitaliyana, Chisipanishi ndi Chiromaniya. Chilatini cholembedwa chinatsala m'manja mwa ansembe, oweruza, madokotala ndi aphunzitsi. Akatolika achikulire a ku Malawi ndi Zambia akukumbukira kuti mpaka m'zaka za m'ma 1960 wansembe ankachita Misa m'chilankhulo chimenechi, atafulatira mpingo.

Chimene chimavutitsa ophunzira ndi chakuti m'Chilatini ntchito ya dzina m'chiganizo imadziwika ndi mathero ake. M'Chichewa tikati galu akuluma mnyamata, woluma timamudziwa chifukwa wabwera poyamba. Mroma ankati canis puerum mordet. Akati canem puer mordet, mawu ali m'malo omwewo, galu akadali patsogolo, koma nkhani yatembenuka: tsopano mnyamata ndiye akuluma galu. Chasintha ndi mchira wa mawu basi. Canis ndi galu wochita, canem ndi galu wochitidwa. Puer ndi mnyamata wochita, puerum ndi mnyamata wochitidwa.

Dzina lililonse lili ndi maonekedwe 6 otere likakhala limodzi, ndi ena 6 akachuluka, ndipo mayina amagawidwa m'mabanja 5, lililonse ndi michira yakeyake. Ana a sukulu ankaloweza mokweza mawu ngati akuimba: dominus, domine, dominum, domini, domino, domino. Aneni nawo ali ndi michira yawo yambirimbiri. Popeza mawu atha kuikidwa pafupifupi paliponse, wowerenga amayenera kusunga chiganizo chonse m'mutu, kufufuza mneni amene nthawi zambiri amabisala kumapeto, kenako n'kufunsa liwu lililonse kuti likugwira ntchito yanji. Wolemba wa Chiroma ngati Cicero ankatha kuyendetsa chiganizo chimodzi mizere isanu ndi umodzi asanaulule mneni wake.

Mwana wa Chifalansa amadabwa nazo zimenezi, chifukwa chilankhulo chake chinataya michirayi kalekale. Mwana wa Chiserer alibe chifukwa chodabwira kwambiri. Chiserer, monga Chichewa, chimagawa mayina m'magulu amene amalamulira mawu ena m'chiganizo, ndipo chimafika posintha chilembo choyamba cha liwu malinga ndi gulu lake. Wolankhula Chichewa amene amanena mwana wanga, ana anga, chingwe changa, zingwe zanga osaganizira n'komwe, akudziwa kale kuti mawu amavala zovala zogwirizana. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timasintha kumutu, Aroma ankasintha kumchira.

Khomo lopapatiza

Wina angafunse kuti mwana wa wogula mtedza ankachifuniranji chilankhulo cha anthu akufa. Yankho lili m'kakonzedwe ka maphunziro a atsamunda. Afalansa ankafuna makalaliki, omasulira, aphunzitsi a pulayimale ndi othandiza madokotala. Sukulu yapamwamba kwambiri ya anthu akuda m'mayiko awo a kumadzulo kwa Africa inali École William Ponty, imene nthawi imeneyo inali pa chilumba cha Gorée. Inatulutsa anthu anzeru, ena mwa iwo anadzakhala mapulezidenti, koma satifiketi yake sinkafanana mphamvu ndi ya ku France. Njira ya ku yunivesite inkadzera pa mayeso otsiriza sekondale otchedwa baccalauréat, ndipo kwa wofuna maphunziro a zilankhulo ndi mabuku, mayesowo ankafuna Chilatini. Malo amodzi mwa ochepa kumene mwana wakuda wa kumudzi akanachipeza anali kwa ansembe, chifukwa iwo ankafuna ansembe anzawo a mawa.

Senghor nayenso ankafunadi unsembe. Mu 1923 analowa seminale ya Libermann ku Dakar. Anali wophunzira wakhama, koma sanali wongovomera zilizonse. Mkulu wa seminaleyo, Bambo Lalouse, ankaphunzitsa kuti anthu akuda analibe chitukuko chawochawo azungu asanafike. Mnyamata amene anaona mfumu ya Sine ikulandiridwa mwaulemu pakhomo pa bambo ake, amene anamva oimba akutchula mibadwo ya makolo osaphonya, sakanameza zimenezo. Ankatsutsa, ndipo ankalankhuliranso anzake pa madandaulo a kakhalidwe ka pa seminalepo. Mapeto ake anauzidwa kuti alibe maitanidwe a unsembe. Zinamupweteka kwambiri, ngakhale anakhalabe Mkatolika moyo wake wonse.

Anasamukira ku sukulu ya sekondale ya boma ya mumzindamo, kumene ophunzira ambiri anali ana a azungu. Anawapitirira. Mu 1928 anakhoza baccalauréat bwino lomwe, ndipo boma la atsamunda, limene silinkakonda kulipirira anthu akuda maphunziro a mabuku, linamupatsa theka chabe la thandizo la ndalama. Chaka chomwecho anakwera sitima ya pamadzi kupita ku France, ali ndi zaka 22.

Zaka 7 za mayeso

Paris inamulandira ndi mvula ndi kuzizira. Anayamba ku yunivesite ya Sorbonne, koma m'maholo akuluakulu a kumeneko, mmene mphunzitsi amalankhula n'kutuluka osadziwa dzina la aliyense, anasokonezeka. Anasamukira ku Lycée Louis-le-Grand, m'makalasi apadera okonzekeretsa ophunzira osankhika ku mayeso olowera École normale supérieure, sukulu yosula aphunzitsi apamwamba a dzikolo. Moyo wa m'makalasi amenewa ndi womasulira usana ndi usiku: Chilatini, Chigiriki, mbiri yakale, filosofi.

Pa benchi anakhala ndi mnyamata wina wochokera kumapiri a Auvergne, mwana wa aphunzitsi, dzina lake Georges Pompidou. Anakhala mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Pompidou anamuzolowetsa mabuku a alakatuli atsopano, zisudzo ndi ndale za sosholizimu. Nayenso anadzakhala mphunzitsi wa sekondale wa Chifalansa, Chilatini ndi Chigiriki, ku Marseille kenako ku Paris, ndipo mu 1969 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa France. Choncho kwa zaka zisanu mayiko awiriwa ankalamulidwa ndi aphunzitsi awiri a Chilatini amene anadyera limodzi nyemba za kusukulu yogonera. Mu 1931 kunafikanso Aimé Césaire wa ku Martinique. Iyeyu, Senghor ndi Léon Damas wa ku French Guiana ndiwo anayambitsa gulu la olemba lotchedwa Négritude, lolimbikitsa munthu wakuda kunyadira chikhalidwe chake, ndipo mu 1935 maganizo awo anayamba kuoneka m'kanyuzipepala ka ophunzira kotchedwa L'Étudiant noir.

Mayeso olowera École normale anamukanika Senghor. Sanabwerere kwawo. Anatenga digiri yake ku Sorbonne mu 1931, chaka chotsatira n'kulemba kafukufuku wa ndakatulo za Charles Baudelaire, kenako n'kulunjika pa mayeso ovuta kuposa onse, agrégation.

Mayeso amenewa alibe ofanana nawo kuno kwathu. Si a digiri. Ndi mpikisano wa boma wolembera aphunzitsi apamwamba a sekondale, ndipo unayamba kale m'zaka za m'ma 1700. Boma limalengeza chiwerengero cha malo amene alipo chaka chimenecho, ndipo amatengedwa ndi okhawo amene ali pamwamba pa mndandanda. Munthu atha kulemba bwino kwambiri n'kugwabe chifukwa ena alemba bwino koposa. Wopambana amalembedwa ntchito ya moyo wonse, amalandira malipiro okwera ndipo amaphunzitsa maola ochepa kuposa anzake. Nthambi imene Senghor anasankha, ya galamala, inkafuna kumasulira kuchoka ku Chilatini ndi Chigiriki kupita ku Chifalansa, kubwereranso kuchoka ku Chifalansa kupita ku zilankhulo zakalezo, ndi kufotokoza mbiri ya mawu, mmene liwu la Aroma linasinthira zaka mazanamazana mpaka kukhala liwu la Chifalansa cha lero. Opyola mayeso olemba ankakaima pamaso pa gulu la akatswiri n'kuphunzitsa phunziro lathunthu.

Panalinso chopinga china chosakhudza nzeru. Mayesowa ankaloledwa kulemba ndi nzika za France zokha. Ku Senegal, obadwira m'matauni anayi a Dakar, Gorée, Rufisque ndi Saint-Louis ankawerengedwa nzika. Ena onse anali anthu olamulidwa chabe, oti bwanamkubwa atha kuwagwiritsa thangata kapena kuwatsekera popanda kuweruzidwa. Joal sinali m'gulu la matauni anayiwo. Senghor anachita kupempha unzika, ndipo unzikawo unabwera ndi ngongole yake, yokagwira usilikali. Atagwapo poyamba, anapambana mu 1935, kukhala munthu woyamba wa ku Africa ya anthu akuda kupata agrégation ya galamala. Anali ndi zaka pafupifupi 29.

M'kalasi ku Tours

Boma linamutumiza ku Lycée Descartes mumzinda wa Tours, m'chigwa cha mtsinje wa Loire. Afalansa amati anthu a dera limeneli ndiwo amalankhula Chifalansa chosalala kuposa onse. Kumeneko, mu Okutobala 1935, ana a madokotala, a maloya ndi a eni masitolo anapeza kuti woti awaphunzitse chilankhulo chawo chomwe ndi munthu wakuda amene anayamba kuchimva ali ndi zaka 7.

Ntchito ya mphunzitsi wa Chilatini m'sukulu zotere inali yodziwika bwino. Ana ankayamba chilankhulochi ali ndi zaka pafupifupi 11. Chaka choyamba chinkathera pa kuloweza michira ya mayina ndi ya aneni. Kenako ankawerenga timabuku tosavuta, monga De viris illustribus, nkhani za anthu otchuka a ku Rome zimene wansembe wina, Charles Lhomond, analembera ana a sukulu m'zaka za m'ma 1700. Akakhwima ankalowa m'mabuku enieni a Julius Caesar, Cicero, Virgil, Horace ndi Tacitus. Sabata iliyonse kunkakhala ntchito ziwiri. Yoyamba, version, inali kutembenuza ndime ya Chilatini kuti ikhale Chifalansa chomveka. Yachiwiri, thème, inali yobwerera, ndipo ndi imene ana ankaiopa, chifukwa pamenepo palibe kulota: mchira ukalakwika, walakwika. Pa desiki pankakhala mtanthauziramawu wonenepa wa Félix Gaffiot, amene anali atangotuluka kumene mu 1934 ndipo ana a ku France akumugwiritsabe ntchito. Mphunzitsi ankapita kunyumba ndi mulu wa makope woti achonge ndi inki yofiira.

Pali chinthu china choseketsa pa nkhaniyi. Buku la Caesar limene ana onse ankawerenga limasimba mmene Aroma anagonjetsera Gaul, dziko limene lero ndi France, pakati pa zaka za 58 ndi 50 Khristu asanabadwe. Caesar amafotokoza makolo a Afalansa monga mmene bwanamkubwa amafotokozera anthu amene wawagonjetsa: mitundu yawo, mafumu awo okangana okhaokha, miyambo yawo yachilendo. Mzinda wa Tours womwewo unamangidwa m'nthawi ya Aroma, dzina lake loyamba linali Caesarodunum. Ndiye taganizani mwana wa dziko lolamulidwa ndi France ataima kutsogolo, choko chili m'manja, akuthandiza ana a atsamunda kuwerenga lipoti la mtsamunda amene anagonjetsa makolo awo. Phunziro lake linali poyera kwa wofuna kuliona: Afalansa nawo analandira chilankhulo cha owagonjetsa, anachipinda mpaka chinakhala chawo.

Ndipotu Senghor sanali munthu woyamba wa ku Africa kuphunzitsa azungu Chilatini. Augustine woyera, wobadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, anayamba ndi kuphunzitsa galamala kwawo asanakaphunzitse luso la kulankhula ku Carthage, Rome ndi Milan. Terence, mlembi wa zisudzo amene ana a sukulu a ku Ulaya anamuwerenga kwa zaka mazana ambiri ngati chitsanzo cha Chilatini chabwino, anabadwira ku Carthage ndipo anafika ku Rome ngati kapolo.

Ku Tours Senghor anakhalako zaka zitatu. Mu 1938 anasamutsidwira ku Lycée Marcelin-Berthelot ku Saint-Maur-des-Fossés, pafupi ndi Paris. Zaka zimenezi ndi zimene zinamupanga kukhala munthu amene tikumudziwa. Akaweruka ankalemba ndakatulo zokumbuka Joal ndi Djilor. Ankapitanso kukakhala pansi ngati wophunzira kwa Lilias Homburger, katswiri wa zilankhulo za ku Africa, ndi kwa Marcel Mauss, Marcel Cohen ndi Paul Rivet, akatswiri a chikhalidwe cha anthu ndi zilankhulo. Zida zimene anazinolera pa Chilatini, zofunsa liwu lililonse ntchito yake, anazitembenuzira pa Chiserer ndi Chiwolof, ndipo anadzalemba nkhani za ukatswiri zofotokoza galamala ya zilankhulo ziwirizi. Ansembe anamupatsa Chilatini kuti achoke m'mudzi. Iye anachigwiritsa ntchito posonyeza kuti chilankhulo cha m'mudzimo chili ndi malamulo olongosoka ngati a Cicero.

Zimene ananena ku Dakar

Mu Seputembala 1937, ali patchuthi kwawo, anapemphedwa kukalankhula ku holo ya bungwe la amalonda ku Dakar. Kunadzaza akuluakulu a boma ndi anthu akuda ophunzira, atavala masuti, kudzaona mwana wawo amene anagonjetsa azungu pa mayeso awo omwe. Ankayembekeza kumva kuti Msenegal aliyense atha kusanduka Mfalansa akalimbikira.

Anamva zina. Senghor anati sukulu ya ku Africa isakhale chithunzi cha sukulu ya ku France. Mwana ayambe kuphunzira m'chilankhulo chimene anayamwira, adziwe nthano, mbiri ndi dziko la kwawo, Chifalansa chibwere pamwamba pa maziko amenewo, ndipo olemba a ku Africa alembenso m'zilankhulo zawo. Ambiri mwa ophunzirawo anakhumudwa. Monga ankasimbira mwini wake pambuyo pake, ena ankang'ung'udza kuti munthuyu wadya Chilatini ndi Chigiriki mpaka kukhuta, tsopano akufuna ana a anzake abwerere ku Chiwolof. Dandaulo lawo silinali lopusa. Iwo ankadziwa kuti atsamunda akhoza kukondwera ndi maphunziro a m'chilankhulo cha makolo ngati njira yotsekera anthu akuda khomo la ku yunivesite. Mkangano womwewu umamvekabe kuno makolo akamakambirana ngati mwana wa Sitandade 1 aziphunzira m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chingerezi.

Nkhondo, ndi kutsanzikana ndi choko

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, mphunzitsiyo anaitanidwa ngati msilikali wamba. Mu Juni 1940 Ajeremani anamugwira ku La Charité-sur-Loire. Masiku amenewo asilikali a Hitler anapha asilikali akuda ambiri amene anali atagonja kale, ndipo Senghor ankasimba kuti iye ndi anzake anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Anakhala m'misasa ya akaidi pafupifupi zaka ziwiri, nthawi yaitali ku Poitiers. Kumeneko anagona limodzi ndi alimi osaphunzira ochokera m'midzi ya kumadzulo kwa Africa, anthu amene anasiyana nawo ali ndi zaka 7, akumvetsera nthano ndi nyimbo zawo. Anaphunziranso Chijeremani. Mu 1942 anamasulidwa chifukwa cha matenda, n'kubwerera ku kalasi yake ku Saint-Maur.

Mu 1944 anapatsidwa udindo wophunzitsa zilankhulo ndi chikhalidwe cha ku Africa pa École nationale de la France d'outre-mer, sukulu yosula mabwanamkubwa a m'mayiko olamulidwa ndi France. Chaka cha 1945 chinabweretsa zinthu ziwiri: buku lake loyamba la ndakatulo, Chants d'ombre, ndi mpando wa phungu woimira Senegal ku nyumba ya malamulo ya ku Paris, atakokedwera m'ndale ndi loya Lamine Guèye. Makope a ana a sekondale anathera pamenepo. Komabe mu 1953 iye ndi mphunzitsi mnzake Abdoulaye Sadji analembera ana a pulayimale buku lowerenga, La Belle Histoire de Leuk-le-Lièvre, nthano za kalulu wochenjera wa ku Senegal, mbale wake wa Kalulu wa m'nthano zathu. Bukulo linali la m'Chifalansa.

Inki yofiira m'nyumba ya boma

Senegal italandira ufulu mu 1960, Senghor anakhala pulezidenti, ndipo analamulira zaka 20. Mbiri ya ulamuliro wake ili ndi mbali zowala ndi zakuda: anatsekera m'ndende nduna yake yaikulu, Mamadou Dia, kuyambira 1962 mpaka 1974, ndipo kwa zaka zambiri dzikolo linali la chipani chimodzi, koma analolanso zipani zina m'zaka za m'ma 1970. Chimene chikutikhudza pano ndi mmene mphunzitsi uja anaonekera mwa pulezidenti.

Anaonekera kwambiri. Analimbikitsa Chilatini ndi Chigiriki m'masukulu a sekondale a Senegal. Boma lake linafika potulutsa lamulo lofotokoza malo oyenera kuika zilembo zazikulu m'makalata a boma. Mu 1971 linakhazikitsa kalembedwe ka zilankhulo 6 za m'dzikomo: Chiwolof, Chiserer, Chipulaar, Chijoola, Chimandinka ndi Chisoninke. Imeneyo inali ntchito yabwino, yoyenera katswiri. Koma galamala ikakhala ndi apolisi kumbuyo kwake imasanduka chinthu china. Wojambula mafilimu Ousmane Sembène atatulutsa filimu yake Ceddo mu 1977, boma linailetsa, chifukwa chimene linapereka n'chakuti dzinalo liyenera kulembedwa ndi d mmodzi. Sembène anakana kusintha, ndipo filimuyo inakhala zaka osaonetsedwa kwawo. Anthu ambiri ankaona kuti nkhani yeniyeni inali mmene filimuyo inaonetsera kufika kwa Chisilamu m'dzikomo. Nyuzipepala ya chipani cha Cheikh Anta Diop, wotsutsa boma, yotchedwa Siggi, inagwa m'mbuna yomweyo chifukwa cha g wachiwiri, ndipo eni ake anaisintha dzina kukhala Taxaw.

Owerenga a ku Malawi aona kufanana kwake. Dr. Hastings Kamuzu Banda nayenso ankakonda kuwongolera anthu Chichewa pa misonkhano, ndipo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kumene mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Kusiyana kwake n'kwakuti Kamuzu anaitanitsa aphunzitsi kuchokera ku Britain, pamene zaka 46 m'mbuyo mwake Msenegal anali ataima kale m'kalasi ya ku Ulaya akuphunzitsa ana a azungu maphunziro omwewo.

Pa nkhani yaikulu ija ya mu 1937, pulezidenti sanachite zimene mphunzitsi ananena. Chifalansa chinakhalabe chilankhulo cha boma, cha makhoti ndi cha m'kalasi kuyambira tsiku loyamba la sukulu, m'dziko limene anthu ochuluka amagula, kugulitsa ndi kukangana m'Chiwolof. Iye ankati zilankhulo za m'dzikomo ziyambe zalembedwa galamala ndi mitanthauziramawu yokwanira zisanalowe m'kalasi. Ndi yankho la katswiri, koma zaka 20 zinali zokwanira kuchita zambiri kuposa zimene zinachitika, ndipo ana a alimi amene ankasiya sukulu chifukwa chosamva chilankhulo cha aphunzitsi ndiwo analipira kudikirako.

Pa 31 Disembala 1980 Senghor anatula pansi udindo mwa kufuna kwake, chinthu chosowa pakati pa atsogoleri a ku Africa a nthawi imeneyo, n'kusiyira Abdou Diouf. Mu 1983 anasankhidwa kulowa Académie française, bungwe la anthu 40 limene linakhazikitsidwa mu 1635 kuti lizisamala Chifalansa ndi kulemba mtanthauziramawu wake. Anali munthu woyamba wa ku Africa kukhala pa mpando umenewo. Anamwalira pa 20 Disembala 2001 ku Verson, m'chigawo cha Normandy, kwawo kwa mkazi wake Colette, ali ndi zaka 95, ndipo anaikidwa m'manda a Bel-Air ku Dakar. Pulezidenti wa France, Jacques Chirac, ndi nduna yaikulu, Lionel Jospin, sanapite kumaliroko, ndipo anadzudzulidwa kwambiri ku Senegal ndi ku France komwe.